Smart TV ndi WiFi ya Panyumba: Mafunso ndi Mayankho

Mukalowa m'sitolo ya zamagetsi ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu masiku ano, TV zambiri zomwe zayalidwa zimakhala zolembedwa kuti smart. Wogulitsa amakuuzani kuti muli YouTube ndi Netflix, ndipo sanama. Chimene ambiri satchula ndi chakuti zonsezo zimadikira intaneti, ndipo intanetiyo muyenera kuipeza nokha ndi kuilipira nokha. Kulumikiza TV ku WiFi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Nkhani yaikulu imayamba ikalumikizika.

Kodi smart TV ikusiyana bwanji ndi TV wamba?

M'kati mwake muli kakompyuta. Kakompyutako ndi kamene kamatsegula ma app monga YouTube, Netflix ndi DStv Stream, ndipo kampani iliyonse ili ndi pulogalamu yake yoyendetsera zonsezi. Samsung imagwiritsa ntchito Tizen, LG ili ndi webOS, Hisense zambiri zimabwera ndi VIDAA, pomwe Sony ndi TCL zambiri zimayendera Android TV kapena Google TV. Ndi chifukwa chake malangizo amene anathandiza mnzanu wa LG sangafanane ndendende ndi zomwe mukuona pa Hisense yanu.

Popanda intaneti, smart TV imagwira ntchito ngati TV ina iliyonse. Mukhoza kulumikizako dikoda ya DStv, GOtv kapena Kiliye Kiliye, kapena kubayako fulashi, n'kumaonera osawononga bandulo ngakhale pang'ono.

Ndikakhala ndi WiFi ndiye kuti ndili ndi intaneti?

Ayi, ndipo kusamvetsa mfundo iyi ndi kumene kumachititsa anthu ambiri kuganiza kuti TV yawo yafa. WiFi ndi njira yopanda chingwe yolumikizira zipangizo za m'nyumba mwanu ku rauta. Intaneti imachokera kunja, kwa kampani imene mumailipira: Airtel kapena TNM ngati rauta yanu ndi ya simu khadi, MTL kapena makampani ena ngati anakukokerani chingwe, kapenanso Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023. Zili ngati mapaipi a m'nyumba ndi madzi: mapaipi akhoza kukhala abwinobwino, koma ngati madzi sakubwera kuchokera kunja, pampopi sipatuluka kanthu. TV ikhoza kulemba kuti yalumikizika ku WiFi, timizere tonse todzaza, pomwe bandulo ya mu rauta inatha dzulo.

Ndiyambire pati kuti ndilumikize?

Yambani ndi foni. Ilumikizeni ku WiFi imene mukufuna kuti TV igwiritse ntchito, zimitsani data ya mu foniyo, ndipo tsegulani tsamba lililonse la pa intaneti mutaima pomwe pali TV. Likatseguka, mwadziwa zinthu ziwiri nthawi imodzi: intaneti ilipo, ndipo WiFi ikufika pabalazapo.

Kenako tengani rimoti, dinani batani la Settings, lomwe nthawi zambiri limakhala ndi chithunzi cha kagiya. Fufuzani mawu akuti Network. Pa Samsung amapezeka pansi pa General, kapena pansi pa Connection ngati ili yatsopano. Pa LG mumalowa mu All Settings, n'kupeza Network kapena Wi-Fi Connection. Pa Android TV ndi Google TV pamalembedwa Network & Internet. Pa Hisense ya VIDAA mumalowa mu Network kenako Network Configuration. Sankhani Wireless kapena Wi-Fi, ndipo TV idzakuonetsani mayina a maneti onse amene ikuwamva, kuphatikizapo a oyandikana nawo nyumba. Sankhani dzina lanu, lembani pasiwedi, n'kudina Connect kapena Done.

Ngati simukudziwa dzina kapena pasiwedi, tembenuzani rauta. Pansi pake kapena kumbuyo pamakhala kapepala komata. Dzina la netiweki limalembedwa pa mawu akuti SSID, pasiwedi pa WiFi Key, WLAN Key kapena Password. Pa ka MiFi, kapepalako kamabisala m'kati, pansi pa batire. TV imasunga pasiwediyo, simudzalembanso tsiku lililonse.

Ndikulemba pasiwedi yolondola koma ikukana. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri vuto limakhala la kalembedwe. Kulemba ndi rimoti n'kovuta, ndipo pasiwedi ya WiFi imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Zilembo zina zimafanana kwambiri pa kapepala kakang'ono kaja: 0 ndi O, 1 ndi l wamng'ono ndi I wamkulu, 8 ndi B, 5 ndi S. Chongani pa Show Password kuti muziona zimene mukulemba. Dziwaninso kuti pasiwedi ya WiFi sikhala yochepera zilembo 8, choncho ngati mwapatsidwa ya zilembo zisanu, imeneyo si ya WiFi. Marauta ambiri amakhala ndi mapasiwedi awiri pa kapepala kamodzi, ina ya WiFi, ina yolowera m'kati mwa rauta, ndipo anthu amazisokoneza.

Ngati kalembedwe kali bwino, pangakhale kusamvana pa chitetezo. Marauta atsopano ali ndi loko wa mtundu wa WPA3, yemwe anatuluka mu 2018, pomwe TV zakale zimangodziwa WPA2. Lowani mu rauta kudzera pa foni kapena kompyuta polemba adiresi yake pa browser. Zambiri zimayankha pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo za Huawei za simu khadi zimakonda 192.168.8.1. Pa gawo la WiFi sankhani WPA2, kapena WPA2 ndi WPA3 pamodzi. Musachotse pasiwedi kuti TV ilowe mosavuta. Mukatero mwatsegulira mudzi wonse.

Marauta ena ali ndi batani lolembedwa WPS. Mukasankha WPS pa TV n'kudina batanilo m'mphindi ziwiri, zimalumikizana popanda kulemba kanthu. Njira ya batani imathandiza ndithu, koma WPS ya manambala, ija ya PIN, inapezeka kuti ndi yosavuta kuthyola kale mu 2011. Mukamaliza kulumikiza, ndi bwino kuizimitsa WPS mu rauta.

Foni ikuiona WiFi yanga koma TV siikuiona n'komwe. Bwanji?

WiFi imayenda m'misewu iwiri ikuluikulu, wa 2.4 GHz ndi wa 5 GHz. Wa 2.4 ndi wakale, umapita patali ndipo umayesetsa kudutsa makoma, koma ndi wodzaza chifukwa aliyense amadutsa momwemo, ngakhale Bluetooth ndi maikulowevu. Wa 5 ndi wothamanga ndipo mulibe chipwirikiti chambiri, koma ukakumana ndi khoma umafooka msanga. TV zambiri zotsika mtengo komanso zakale zimangomva 2.4 yokha. Ngati rauta kapena foni yanu ikuulutsa pa 5 pokha, TV yoteroyo siidzaona dzina lanu ngakhale mutaiika pafupi bwanji.

Lowani mu rauta muyatse 2.4. Ngati n'kotheka, ipatseni misewu iwiriyo mayina osiyana kuti muzidziwa umene TV yalowa. Pa foni ya Android, m'makonzedwe a hotspot muli posankha AP Band. Pa iPhone yatsani Maximize Compatibility, ndiyo imatsitsira hotspot pa 2.4.

Pali chinanso chimene anthu ochepa amachidziwa. Msewu wa 2.4 unagawidwa m'matchanelo. Zipangizo zopangidwira ku America zimamva matchanelo 1 mpaka 11, pomwe marauta a kuno ndi ku Ulaya amatha kudzisankhira 12 kapena 13. Zikatero, TV kapena kachipangizo kochokera ku America kamalephera kuona netiweki lero, mawa n'kuiona, malinga ndi tchanelo chomwe rauta yasankha poyaka. Ikani rauta pa tchanelo 1, 6 kapena 11, musaisiye pa Auto. Matchanelo atatu amenewa ndi amene sapondana.

Yalemba kuti Connected, koma YouTube siikutseguka.

Yambani ndi bandulo. Onani ngati ilipo, komanso ngati ili ya mtundu woyenera. Mabandulo otsika mtengo a WhatsApp kapena Facebook okha satsegula zinthu zina, ndipo TV imafuna bandulo ya intaneti yonse. Mabandulo ena amagwira usiku wokha.

Bandulo ikakhala kuti ilipo, onani tsiku ndi nthawi pa TV. Zikuoneka zazing'ono, koma ma app amatsimikizira ziphaso za chitetezo poyerekeza ndi tsiku lomwe TV ikudziwa. Magetsi akathima, TV zina ndi timabokosi ta Android timabwerera ku chaka chakale, ndipo YouTube kapena Netflix imakana kulowa chifukwa ziphaso zake zikuoneka ngati sizinayambe kugwira ntchito. Ikani nthawi pa Automatic, ndipo chigawo cha nthawi chikhale GMT+2. Ngati Blantyre palibe pa mndandanda, Harare, Lusaka, Maputo ndi Johannesburg ali pa nthawi yomweyo.

Zikakanikabe, zimitsani zonse pa soketi. Kudina batani lofiira la pa rimoti sikuzimitsa TV kwenikweni, kumangoigoneka. Zulani pulagi ya TV ndi ya rauta, dikirani mphindi imodzi, yatsani rauta poyamba, ndipo magetsi ake akakhazikika yatsani TV. Pomaliza penipeni mungasinthe DNS, yomwe ndi ntchito yosandutsa mayina a masamba kukhala manambala. M'makonzedwe a netiweki a TV sankhani Manual pa DNS, mulembe 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare.

Ndilibe rauta. Ndingagwiritse ntchito hotspot ya foni?

Inde, TV siisiyanitsa. Kwa iyo, hotspot ndi WiFi basi. Kwa munthu woonera mwa apo ndi apo, iyi ndi njira yabwino. Koma foni imatentha, batire imatha msanga, ndipo pa mafoni ena munthu akakuimbirani kanema amaima mpaka mutamaliza kulankhula. Mwini foni akatuluka, nyumba yonse yatsala yopanda intaneti. Ngati pakhomo pamaoneredwa tsiku ndi tsiku, rauta ya simu khadi yokhala ndi tinyanga ndiyo yoyenera. Imakoka netiweki kuposa foni, ndipo mukhoza kuikhazika pamalo amene netiweki imagwira bwino, monga pafupi ndi windo, n'kuisiya pomwepo.

Nanga bandulo imatha bwanji? Ndinagula ya mwezi wathunthu koma yatha m'masiku owerengeka.

Funso ili ndi limene ndikadakonda kuti aliyense afunse asanagule TV. Ma app a kanema anapangidwa moganizira mayiko amene intaneti ya panyumba ilibe malire. Amayeza liwiro la intaneti yanu, n'kusankha okha chithunzi chowala kwambiri chimene liwirolo lingakwanitse. Netiweki ikakhala yabwino, TV imadya kwambiri. Siidziwa kuti inu mumagula ma GB owerengeka, ndipo siidzakuchenjezani.

Netflix imanena yokha kuchuluka kwake. Pa mlingo wotsikitsitsa imadya pafupifupi 0.3 GB pa ola, pa mlingo wapakati 0.7 GB, pa HD mpaka 3 GB, ndipo pa 4K mpaka 7 GB pa ola limodzi. Ndiye kuti filimu imodzi ya maola awiri pa 4K ikhoza kumeza 14 GB. Banja loonera maola atatu madzulo aliwonse pa HD lingafunike 9 GB patsiku, zomwe ndi 270 GB pamwezi. Banja lomwelo, maola omwewo, pa mlingo wapakati, lingadye 63 GB pamwezi. Kusiyana konseku kukuchokera pa batani limodzi.

Masamu ake mukhoza kuwachita nokha pa app iliyonse. Liwiro limayezedwa mu Mbps, ndipo mabiti 8 ndiwo amapanga baiti imodzi. Kanema woyenda pa 5 Mbps amadya 5 kuchulukitsa ndi masekondi 3,600 a mu ola, kugawa ndi 8, zomwe ndi 2,250 MB, kapena kuti 2.25 GB pa ola. YouTube imalangiza 5 Mbps pa 1080p, 2.5 Mbps pa 720p ndi 1.1 Mbps pa 480p. Choncho 720p imadya pang'ono kuposa 1 GB pa ola, ndipo 480p pafupifupi theka la GB. Masewero a mpira amodzi, kuphatikiza nthawi yopumulira ndi yowonjezera, amatenga pafupifupi maola awiri. Werengerani nokha musanaitane anzanu.

Chochita chilipo. Pa YouTube, kanema akamasewera dinani kagiya, lowani mu Quality, musankhe 480p kapena 720p, ndipo muzionanso mukayamba kanema wina. Pa Netflix, mlingo umasinthidwa mu akaunti kudzera pa foni kapena kompyuta, pa Playback Settings, ndipo profile iliyonse imasinthidwa payokha, choncho musaiwale ya ana. Zimitsani autoplay, chifukwa ndi imene imapitiriza kusewera makanema ena mwana atagona pa mpando. Zimitsaninso timakanema tomwe timayamba tokha mukamafufuza choonera. TV imatsitsanso yokha mapulogalamu atsopano. Pa Samsung mumazimitsa izi pa Support, Software Update, Auto Update. Musasiyiretu kuikonzanso, chifukwa zosinthazo zimatseka mipata ya akuba, koma muzichita nokha pa nthawi imene muli ndi bandulo yokwanira kapena ya usiku.

Maganizo anga ndi awa. Pa TV ya mainchesi 32, munthu atakhala pa mpando mamita atatu kuchokera pa sikirini, 720p imaoneka bwino kwambiri, ndipo ambiri sangaisiyanitse ndi 1080p. Kulipirira 4K pa bandulo yogula ndi kutaya ndalama. Ndipo nkhani za madzulo, maliro a boma kapena mpira wa m'dziko muno umene ukuonetsedwa pa wayilesi za kanema zathu, onerani pa dikoda kapena pa mlongoti. Palibe chifukwa choonera pa intaneti chinthu chimene chikubwera kale mumlengalenga.

Kanema amangoimaima, kachizindikiro n'kumazungulira. Vuto ndi TV kapena netiweki?

Yesani musanaweruze. Tsegulani fast.com pa foni yolumikizidwa ku WiFi mutaima pafupi ndi rauta, kenako muyesenso mutaima pomwe pali TV. Kuyesaku kumadya bandulo pang'ono, musakubwereze kambirimbiri. Ngati liwiro lili lotsika m'malo onse awiri, vuto lili kunja, kwa amene amakupatsani intaneti, ndipo madzulo anthu ambiri akamagwiritsa ntchito nsanja imodzi zimenezi zimachitika. Ngati pafupi ndi rauta lili bwino koma pa TV lagwa, vuto lili m'nyumba mwanu. Netflix imafuna 3 Mbps pa 720p, 5 Mbps pa 1080p ndi 15 Mbps pa 4K. Kumbukirani kuti liwirolo mumagawana ndi mafoni onse amene ali pa WiFi yomweyo.

Nyumba zathu zambiri ndi za njerwa zowotcha kapena mabuloko a simenti, ndipo makoma otere amadya mphamvu ya WiFi kuposa makoma a matabwa a mayiko ena. Khoma limodzi silivuta kwenikweni, koma atatu amaipha. Chitsulo chimaibweza, madzi amaimeza. Rauta isakhale pansi, mu kabati, kumbuyo kwa furiji, kapena kumbuyo kwa TV kumene anthu ambiri amakonda kuibisa. Ikhale pamwamba, poonekera, chapakati pa nyumba. Ndikudziwa kuti ena amaitsekera kuchipinda kuopa ana kapena alendo. Pamenepo ndi bwino kusintha pasiwedi kusiyana ndi kuitsekera kuseri kwa makoma awiri.

Kodi chingwe sichingapose WiFi?

Chimaposa, ndipo ngati TV yanu ili ndi pobaya polembedwa LAN, ndingakulangizeni chingwe musanagule china chilichonse. TV siyendayenda ngati foni. Imakhala pamalo amodzi zaka zambiri, ndiye palibe chifukwa choti izilimbirana mpweya ndi mafoni. Chingwe cha Ethernet cha mtundu wa Cat5e kapena Cat6 chimagwira bwino mpaka mamita 100, sichifuna pasiwedi, ndipo khoma silichisokoneza. Bayani mbali imodzi ku rauta, ina ku TV, musankhe Wired. Pa TV zambiri pobayapo pamangofika 100 Mbps, koma liwiro limeneli ndi lokwanira ngakhale pa 4K.

Timakina towonjezera WiFi, tija amati extender, timathandiza pokhapokha mutatiika pakati, pomwe WiFi ikadali yamphamvu. Mukatiika kuchipinda komwe WiFi yafa kale, timangobwereza kufookako. Totsika mtengo timadula liwiro pafupifupi ndi theka chifukwa timalandira ndi kutumiza pa msewu umodzi.

Magetsi akathima n'kubweranso, TV imataya WiFi. Ndichite chiyani?

TV imayaka m'masekondi ochepa, pomwe rauta imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ikonzeke. TV ikafufuza n'kupeza kuti netiweki kulibe, zina zimangosiya osayesanso. Dikirani rauta, kenako zimitsani ndi kuyatsanso TV. Marauta ambiri amayendera 12 V ndipo amadya magetsi ochepa, choncho ka UPS kakang'ono ka rauta kamatha kuisunga yoyaka kwa maola angapo.

Choopsa chenicheni ndi mphamvu imene magetsi amabwera nayo. Gulani kachipangizo koteteza, kaja amati TV guard, kamene kamadikira kaye magetsi akhazikike kasanalole kuti adutse. M'nyengo ya dzinja, kukayamba ziphaliwali, zulani mapulagi, chingwe cha mlongoti kapena cha dishi, ndi chingwe cha Ethernet ngati chikuchokera kunja kwa nyumba. Mphenzi siidutsa pa soketi pokha.

Ndingaonetse bwanji pa TV zimene zili mu foni?

Pali njira ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi kutumiza, kuja amati cast. Mu YouTube ya pa foni mumadina kachizindikiro ka sikirini, n'kusankha TV yanu. Foni imangouza TV kanema woti itsegule, ndipo TV imakatenga yokha pa intaneti. Zonse ziwiri ziyenera kukhala pa WiFi imodzi, ndipo bandulo imadyedwa monga mwa nthawi zonse.

Yachiwiri ndi kuonetsa sikirini yonse ya foni pa TV. Pa Samsung amati Smart View, pa mafoni ena Screen Mirroring kapena Wireless Display, pa iPhone AirPlay. Njira ya Miracast, yomwe mafoni ambiri a Android ndi makompyuta a Windows ali nayo, imalumikiza foni ndi TV mwachindunji, osadutsa pa intaneti. Apa ndi pamene mungapulumutse ndalama: makanema a ukwati, a kwaya kapena maphunziro amene munatsitsa kale mu foni mukhoza kuwaonera pa TV popanda bandulo. Ma app ena olipira, monga Netflix, amadetsa sikirini mukayesa njira iyi pofuna kuteteza mafilimu awo, choncho musadabwe mukamva mawu okha.

TV yanga ndi yakale. Ndiyenera kugula ina?

Ngati ili ndi pobaya HDMI, ayi. Kachipangizo konga Amazon Fire TV Stick, Chromecast, Google TV Streamer kapena bokosi la Xiaomi kamaisandutsa smart pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi TV yatsopano. Zimathandizanso pa smart TV yokalamba imene ma app ake anasiya kugwira ntchito, chifukwa sikirini imakhalitsa kuposa kakompyuta ka m'kati.

Chenjerani ndi timabokosi ta Android topanda dzina lodziwika, tomwe amatitsatsa kuti muli matchanelo onse aulere. Mu 2023 akatswiri a chitetezo cha makompyuta anapeza kuti timabokosi tambiri totere timachoka ku fakitale tili kale ndi pulogalamu yoipa yomwe anaitcha Badbox, ndipo mu 2025 bungwe la FBI ku America linachenjeza anthu za mtundu wake watsopano. Bokosi lotere limabwereketsa intaneti yanu kwa anthu osawadziwa inu muli m'tulo. Kwa ife ogula bandulo, kumeneko ndi kuberedwa kawiri. Bokosi la Android lodalirika limakhala ndi chitsimikizo cha Play Protect cha Google, ndipo silikuuzani kuti muzimitse chitetezo kuti app ilowe.

Ndamva kuti TV zimenezi zimaona zomwe tikuonera. Ndi zoona?

Ndi zoona. TV zambiri zili ndi luso lotchedwa ACR, lomwe limazindikira zimene zili pa sikirini, ngakhale zochokera ku dikoda, n'kutumiza uthengawo ku kampani kuti ugwiritsidwe ntchito pa malonda. Mu 2017 kampani ya Vizio inavomera kulipira madola 2.2 miliyoni ku America chifukwa chotolera uthenga wotere pa TV zokwana 11 miliyoni eni ake osadziwa. Masiku ano makampani amapempha chilolezo, koma amapempha pa tsiku loyamba lija, munthu ali pa changu chofuna kuona chithunzi, n'kumangodina Agree paliponse. Mukhoza kubwerera n'kukana. Pa Samsung fufuzani Viewing Information Services, pa LG fufuzani Live Plus, muzimitse. TV idzagwirabe ntchito bwinobwino.

Pa rauta, sinthani pasiwedi yolowera m'kati, chifukwa zambiri zimabwera ndi admin, mawu amene aliyense amawadziwa. Kukana kupatsa mlendo kapena mnansi pasiwedi ya WiFi n'kovuta pa chikhalidwe chathu, ndipo sindikunena kuti muzikana. Yatsani Guest Network, yomwe ili ndi dzina ndi pasiwedi yakeyake. Mlendo amapeza intaneti koma safika pa TV ndi zipangizo zanu, ndipo mukhoza kuisintha pasiwediyo osavutika kulembanso ndi rimoti.

Achimwene anditumizira TV kuchokera ku Joni. Igwira ntchito kuno?

Igwira. Magetsi a ku South Africa ndi a kuno onse ndi a 230 V, kusiyana kuli pa pulagi yokha, ndipo adaputa yabwino kapena kusintha pulagi kumathetsa nkhaniyo. WiFi ndi yomweyo. TV yochokera ku America kapena ku Japan ndiyo yofunika kuiyang'ana kumbuyo musanaibaye, chifukwa kumeneko magetsi ndi a 120 V ndi 100 V. Ngati sipanalembedwe 100-240 V, imafuna transifoma.

Ngati inagwiritsidwapo kale ntchito, ibwezereni pachiyambi ndi Factory Reset kuti maakaunti a mwini wakale achoke. Poikonza idzakufunsani dziko, ndipo dziko limene mwasankha ndi lomwe limatsimikiza ma app amene muwapeze. Inunso mukamagulitsa kapena kupatsa wina TV yanu, chitani chimodzimodzi, chifukwa m'katimo mumatsala pasiwedi ya WiFi yanu ndi maakaunti olumikizidwa ku khadi lanu la ku banki.

Apempheni achimwenewo atumizenso lisiti. Pa zipolowe za mu July 2021 ku South Africa, anthu anathyola nyumba yosungiramo katundu ku Cato Ridge m'chigawo cha KwaZulu-Natal n'kuba TV zambiri za Samsung. Kampaniyo inalengeza kuti TV zake zili ndi njira yotchedwa TV Block: TV ikangolumikizidwa ku intaneti, nambala yake imayerekezedwa ndi mndandanda wa zobedwa, ndipo ikapezekapo imatsekedwa. Woti aitsegulitse ayenera kuonetsa umboni woti anagula. TV yotsika mtengo modabwitsa, yopanda lisiti, ikhoza kuonetsa bwinobwino pa dikoda kwa miyezi, n'kudzatsekeka tsiku limene mwailumikiza ku WiFi.